Mauka: Chithandizo cha Pakhomo Chagona pa Kuleka, Osati Kuika

Mwezi wa June ukalowa ku Dedza, zovala zimakana kuuma. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, phiri lomwe laiweramira n'kupitirira mamita 2,100, ndipo pa Bembeke nkhungu imatha kugona mpaka dzuwa litakwera ndithu. Chitenje choyanikidwa m'mawa chimaanulidwa madzulo chikadali ndi chinyontho. Komabe chitenjecho chaonako mphepo. Kabudula wamkati wa mayi pachingwe safikapo n'komwe, pakuti mwambo umati chovala chimenechi asachione apongozi, ana kapena odutsa m'njira. Amachikoleka kuchipinda, pamsomali wa kuseri kwa chitseko, nthawi zina atachiphimba ndi nsalu ina, m'mawa mwake n'kuchivala chisanaumitsitse. Pamwamba pake pamabwera sikinitaiti ya pakaunjika, siketi, ndi zitenje ziwiri zotchinga chisanu. Kenako mayi uja amatsikira kudimba kukathirira mbatatesi ndi kabichi, ndipo pofika masana thupi lomwe linkanjenjemera m'mamawa lili thukuta lokhalokha. Kumusi kumaswera kofunda ndi konyowa, ndipo kufunda ndi kunyowa ndi zomwe kachilombo koyambitsa kuyabwa kwa kumaliseche kamakonda.

Kuyabwa kumeneku amayi ambiri amakutcha mauka, ndipo sikwachilendo. Akatswiri a zaumoyo amawerengera kuti mwa amayi 4 alionse, 3 adzadwalapo kamodzi kapena kuposa pa moyo wawo. Poti nthendayi ili pamalo ovuta kutchula, mayi amayamba wanong'oneza mnzake kumjigo kapena azakhali ake asanaganize za chipatala, ndipo funso limakhala lomwelo: kodi ndingachite chiyani pakhomo pano, popanda mankhwala? Funsoli ndi labwino, ndipo siliyenera kuyankhidwa ndi mawu akuti "pitani kuchipatala" basi, ngati kuti chipatala chili kuseri kwa khola. Zochita pakhomo zilipo. Koma tikaziika pasikelo ya umboni, zimagawika pawiri moonekeratu. Zothandiza ndi zoleka ndi zochotsa: kuleka kutsuka mkati, kuchotsapo sopo, kuchotsa chinyezi cha m'zovala, kuleka makapisozi ogula m'golosale. Zovulaza pafupifupi zonse ndi zoika: adyo, mandimu, mchere, viniga, masamba osinja, timiyala. Chichewa chathu chinaneneratu kale, pakuti chilichonse chomwe munthu waika m'thupi kuti chimuchize timachitcha mankhwala, kaya chachokera kufamase kaya kudimba. Mayi woika adyo sanapewe mankhwala. Wangosankha mankhwala omwe palibe anawayeza mlingo wake.

Kachilomboko dzina lake ndi Candida, ndipo mtundu womwe umasautsa amayi ambiri ndi Candida albicans. Ndi fangasi, kachibale ka yisiti yemwe amatupitsa mandasi ndi buledi. Si kachilendo m'thupi. Kamakhala m'matumbo, m'kamwa ndi pakhungu pa anthu athanzi, ndipo pafupifupi mayi mmodzi mwa 5 ali nako m'njira ya abambo popanda kumva chilichonse. Vuto limayamba kakachulukana n'kuyamba kulowerera khungu lofewa la mkati. Apo mayi amamva kuyabwa kosagonetsa tulo, kumusi kumafiira ndi kutupa, mkodzo ukakhudza pokandidwapo umawotcha, kugonana kumapweteka, ndipo kawirikawiri kumatuluka chikazi choyera, chamibulu ngati chambiko, chopanda fungo loipa. M'njira momwemo mumakhalanso mabakiteriya abwino otchedwa Lactobacillus, omwe amatulutsa asidi wochepa woteteza malowo ku tizilombo tambiri. Njira ya abambo imadzitsuka yokha. Chikazi chamasiku onse, choyera kapena chamadzimadzi, chomwe chimasinthasintha ndi masiku a mwezi, si litsiro ayi; ndi tsache la thupi.

Zomwe zimapatsa Candida mpata n'zodziwika. Homoni ya uchembere yotchedwa estrogen imachulukitsa chakudya chake m'khungu la mkati, n'chifukwa chake nthendayi imakonda amayi oyembekezera, imakula sabata loyandikira msambo, ndipo imapezeka mwa apo ndi apo mwa mtsikana wosatha msinkhu kapena mwa agogo omwe anasiya kusamba. Mankhwala opha mabakiteriya, monga amoxicillin, amasesa abwino ndi oipa omwe, fangasi n'kutsala yekha m'munda. Matenda a shuga osasamalidwa amamudyetsa, ndipo chitetezo cha m'thupi chikatsika, monga mwa munthu yemwe ali ndi HIV koma sakumwa ma ARV, amabwera pafupipafupi. Pa mndandanda umenewu palibepo uve, ndipo palibepo chiwerewere. Namwali yemwe sanadziwepo mwamuna amatha kudwala, chimodzimodzi mayi wosamba katatu patsiku. Nthawi zambiri kusambitsako n'komwe kumakuza vuto.

Pamene mawu akuti mauka amatisocheretsa m'poti ndi thumba lalikulu lomwe timaponyamo matenda osiyana. Muli kusokonekera kwa mabakiteriya a m'njira ya abambo, komwe kumabweretsa chikazi chotuwa chonunkha ngati nsomba. Muli kachilombo kopatsirana pogonana kotchedwa Trichomonas, ka chikazi chachikasu, nthawi zina chathovu. Muli chinzonono, njerewere, ndi khungu longopsa ndi sopo. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo palibe angatsutse mayi kuti akumva kuyabwa. Koma kumva kuyabwa ndi kudziwa chomwe chikuyabwitsa n'zosiyana. Mu 2002 ofufuza a ku America anayeza amayi 95 omwe anali atadzigulira okha mankhwala a fangasi, ali otsimikiza kuti akudwala Candida. Mayi mmodzi yekha mwa atatu ndiye anali ndi Candida payekha. Ena anali ndi matenda ena, ena matenda awiri pamodzi, ena analibe kachilombo kalikonse, ndipo omwe anadwalapo kale nthendayi sanalondole kuposa anzawo. Ngati zinali choncho kwa amayi owerenga timapepala ta m'mabokosi a mankhwala, mayi wa kwa Kasumbu kapena kwa Tambala yemwe wangouzidwa ndi mnzake kuti "amenewo ndi mauka" ali pangozi yomweyo yolimbana ndi nthenda yomwe alibe.

Chizolowezi choika zinthu m'njira ya abambo chinafufuzidwapo kuno kwathu. Mu 1995 madokotala, mmodzi mwa iwo malemu Pulofesa John Chiphangwi, anasindikiza zomwe anapeza atafunsa amayi oyembekezera oposa 6,000 pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Pafupifupi mmodzi mwa atatu anati amaika zinthu pofuna kuthana ndi kuyabwa ndi chikazi, ndipo ena ankaika pofuna kuti njirayo ithine. Zoikazo zinali zitsamba, nsalu ndi timiyala. Patadutsa zaka 16, mu 2011, akatswiri anaphatikiza zotsatira za amayi pafupifupi 15,000 a m'mayiko angapo a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, omwe anatsatiridwa kwa nthawi. Anapeza kuti omwe ankapukuta mkati ndi nsalu kapena pepala, omwe ankaika zoumitsa ndi zothinitsa, ndi omwe ankatsuka mkati ndi sopo ankatenga HIV mochulukirapo kuposa anzawo osachita izi. Kafukufuku wotere sanena motsimikiza kuti sopoyo ndiye mwini mlandu, koma m'mene zingachitikire n'zosavuta kumva. Khungu la mkati ndi lofewa ngati la m'kamwa. Likakhulidwa kapena kupsa limachita timing'alu tosaoneka ndi maso, alonda ake, mabakiteriya abwino aja, atasesedwa, ndipo chitseko chimatsala chatsegula. M'dziko lomwe pafupifupi mayi mmodzi mwa 10 ali ndi HIV, malinga ndi kafukufuku wa dziko lonse wa 2020 mpaka 2021, imeneyi si ngozi yoipeputsa.

Adyo ndiye mfumu ya malangizo a pakhomo, ndipo m'misika ya mumsewu wa M1, kuyambira pa Lizulu mpaka pa Chimbiya, sasowa. Omuyamikira ali ndi mfundo yoona: adyo akasinjidwa amatulutsa madzi aukali omwe amapha Candida m'mbale ya mulabotale. Koma mbale ilibe khungu. Madzi omwewo amawotcha thupi la munthu, ndipo madokotala m'mayiko ambiri analembapo za anthu otuluka matuza atamanga adyo wosinja pakhungu. Adyo wosasinja satulutsa madziwo mokwanira, wosinja amapsereza; mayi asankhe chiti? Palibe kafukufuku wodalirika yemwe anaonetsa kuti kuika kachidutswa ka adyo mkati kumachiza. Za kumwa zinayesedwa ku Melbourne, m'dziko la Australia, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2014: mwa amayi 63 omwe anali ndi Candida, omwa mapiritsi a adyo sanasiyane ndi omwa mapiritsi opanda kanthu pa kuchuluka kwa fangasiyo. Adyo ndi wabwino m'ndiwo, ndipo akhale momwemo.

Nkhani ya chambiko ndi yogati ndi yokopa kwambiri, chifukwa imamveka yanzeru: ngati mabakiteriya abwino atha, bwanji osawabwezera? Ganizoli linatchuka ndi kafukufuku wa mu 1992 ku New York, yemwe anaonetsa kuti amayi odya yogati tsiku ndi tsiku ankadwala mocheperako. Chomwe ambiri sanena n'chakuti mwa amayi 33 omwe anayamba, 13 okha ndiwo anamaliza, chiwerengero chochepa kwambiri kuti munthu amangepo nyumba. Mu 2004 ofufuza a ku Melbourne anapatsa amayi omwe ankamwa mankhwala opha mabakiteriya Lactobacillus wakumwa ndi woika, ndipo sanatetezeke ku Candida kuposa anzawo. Mu 2017 bungwe la Cochrane, lomwe ntchito yake ndi kusefa kafukufuku wa zaumoyo, linapeza kuti mabakiteriya abwinowa akaphatikizidwa ndi mankhwala a fangasi mwina amathandizako kwa masiku oyamba, koma umboni wake ndi wofooka ndipo phindu silikhalitsa. Komanso mabakiteriya owawasitsa mkaka si mtundu umodzi ndi omwe amalondera njira ya abambo. Mayi amwe chambiko monga chakudya, thupi lipindule. Koma chambiko chowawasitsa pakhomo kuchokera ku mkaka wosawiritsa, kapena yogati wothira shuga wa m'sitolo, si zolowetsa m'thupi lomwe lili kale ndi zilonda za kukanda.

Mandimu ndi viniga zimalephera pa chifukwa china. Anthu amaganiza kuti asidi apha fangasi, pomwe Candida amapirira asidi bwinobwino, ndipo amachulukana ngakhale asidi wa m'njira ya abambo ali pamlingo wake. Chomwe sichipirira ndi khungu. Mu 2008 ofufuza a ku America anayesa madzi a mandimu aang'ono obiriwira m'njira ya abambo, pofuna kuona ngati sangavulaze amayi omwe amawaika poganiza zodziteteza ku HIV, ndipo anapeza kuti akakhala aukali amapweteka ndi kusupula khungu la mkati. Mchere wambiri, Dettol, sopo wochapira ndi mankhwala otsukira mano zimachita zomwezo. Ngakhale mafuta odzola, omwe kunja kwa thupi alibe vuto, mkati ndi nkhani ina: kafukufuku wa mu 2013 ku Los Angeles anapeza kuti amayi oika mafuta mkati ankapezeka ndi Candida kwambiri kuposa osaika, ndipo mafuta amafooketsa kondomu mpaka kung'ambika.

Choopsa koposa zonse ndi lezala. M'madera ambiri mauka amatanthauzanso timinofu tomwe akuti tamera kumusi, ndipo amati chithandizo chake n'kudula. Amakhulupiriranso kuti mauka a mayi amadwalitsa mwana woyamwa; kafukufuku wofalitsidwa mu 2009 ku Mwanza ndi Neno anapeza makolo omwe ankati kutentha thupi kwa mwana kwachokera ku mauka a mayi ake. Taganizani zomwe zimachitika apa. Mwana yemwe mwina ali ndi malungo akudikira kuti mayi ake adulidwe, pomwe malungo sadikira. Mayi nayenso akudulidwa timinofu tomwe nthawi zambiri ndi thupi lake lenileni, kapena zipsera za uchembere, kapena njerewere zomwe zimameranso. Fangasi sadulika ndi lezala, pakuti ali ponseponse pakhungu, wosaoneka ndi maso. Chomwe lezala amasiya ndi magazi, bala pamalo osachedwa kulowa tizilombo, ngozi ya kafumbata, ndiponso ya HIV ndi matenda a chiwindi ngati lezalayo wadulapo wina. Pa zonse za m'nkhani ino, iyi yokha ndiyo ilibe mbali yoikirako kumbuyo.

Wina adzati: nanga agogo athu, omwe ankaika zitsamba n'kuchira, ankanama? Sankanama. Ankanena zomwe anaona. Koma Candida wosakula kwambiri amatha kuzilala yekha pakapita masiku, kuyabwa kumachepa msambo ukayamba, ndipo mayi woyembekezera amapeza mpumulo akachira. Chomwe munthu waika tsiku loti nthenda yatsala pang'ono kutha ndicho chimalandira ulemu. Kuwotcha kwa mandimu kapena adyo kumaphimbanso kuyabwa kwa kanthawi, ngati m'mene kukanda kumachitira, mayi n'kumati mankhwala akugwira. Amene anapsa, kapena amene chinzonono chake chinakwera n'kutseka njira za mazira iye akuika masamba, sabwera kumjigo kudzachitira umboni. Amangokhala chete, ndipo kusabereka kwake anthu amakupezera chifukwa china. Si kunyoza zitsamba kunena izi. Mankhwala ambiri a kuchipatala, monga kwinini ndi LA wa malungo, gwero lake ndi zomera. Kusiyana kwake n'kwakuti anayesedwa pa anthu ambiri, odwala ena kupatsidwa ena osapatsidwa, mpaka mlingo wochiza ndi mlingo wovulaza zinadziwika.

Tsono zothandiza zija n'zotani? Choyamba n'chovuta kuchilandira, chifukwa chikutsutsana ndi zomwe atsikana ambiri anauzidwa atangotha msinkhu: chala, nsalu ndi sopo zisalowe mkati. Kusamba kunja kokha, ndi madzi oyera, kamodzi patsiku, n'kokwanira, ndipo popukuta mayi azingogunditsa nsalu yofewa yoyera, osakhula. Sopo wonunkhira, pauda ndi perefyumu zisafike kumusi, ndipo zovala zamkati zitsukuluzidwe mpaka thovu la sopo lithe. Pochoka kuchimbudzi apukute kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, pakuti m'matumbo ndimo mosungira mwa Candida. Nyanda kapena padi isinthidwe isananyowe kwambiri. Kuyabwa kukakula usiku, nsalu yoyera yoviika m'madzi ozizira n'kuika kunja kwa mphindi zingapo imaziziritsa, ndipo ku Dedza madzi ozizira sasowa. Madzi otentha amakoma pakanthawi koma amakuza kuyabwa pambuyo pake. Zikhadabo ziwengedwe, chifukwa munthu amakanda ali m'tulo. Ngati mkodzo ukuwotcha pokandidwa, kuthira madzi kunja pokodza kapena kupakako mafuta opanda fungo kunja kokha kumatchinjiriza khungu. Zonsezi sizipha fangasi, koma zimapatsa khungu mpata wopola, ndipo kwa mayi yemwe vuto lake linali sopo basi, zimathetseratu nkhani.

Njira yamphamvu kuposa izi ndi kuchotsa chomwe chikudyetsa nthendayo. M'magolosale ndi m'misika yathu makapisozi amagulitsidwa awiriawiri ngati maswiti, munthu n'kumwa pa chimfine, pa mutu, ngakhale pa kuyabwa komweku. Mayi womwa amoxicillin kuti athetse mauka a fangasi akuthira manyowa pa udzu womwe akufuna kuzula. Izi sizikukhudza mankhwala olembedwa ndi dokotala, ndipo amene amalandira Bactrim wa tsiku ndi tsiku pamodzi ndi ma ARV asamusiye. Akafotokoze za kuyabwako komwe amalandira mankhwala. Mayi yemwe mauka amamubwerera katatu kapena kuposa pachaka ayezetse shuga ndi HIV, makamaka ngati akumva ludzu kwambiri, akukodza pafupipafupi kapena akuwonda. Kwa amayi ena kuyabwa ndiko kumayamba kuulula matenda a shuga, ndipo shuga akatsika, fangasi amazilala. Koma kwa mayi yemwe alibe matenda a shuga, palibe umboni wokwanira woti kusala tiyi wa shuga, buledi kapena thobwa kumachiza, choncho asadzimane chakudya pachabe. Njira zakulera nazo asazisiye payekha poganiza kuti ndizo zayambitsa. Akambirane ndi anamwino.

Abambo nkhaniyi ikuwakhudza kuposa m'mene amaganizira. Amayi ambiri saika zoumitsa chifukwa chozikonda, koma poopa mawu a kuchipinda, akuti mkazi wonyowa ndi wozizira kapena wayenda ndi wina. Chinyezi chimenecho ndi chizindikiro cha thupi lathanzi, ndipo kugonana pouma kumang'amba khungu la onse awiri. Bambo adziwenso kuti Candida sawerengedwa m'gulu la matenda opatsirana pogonana. Mkazi akadwala si umboni woti wazembera banja, ndipo mwamuna safunika mankhwala pokhapokha nayenso akuyabwa kapena wafiira kunsonga. Chomwe akufunika kupereka ndi masiku ochepa opumira mpaka khungu litapola. Koma achipatala akapeza kuti ndi Trichomonas kapena chinzonono n'kupereka kapepala koitanira mwamuna, apite, chifukwa apo mkazi akachira yekha amadzatenganso.

Malire a njira za pakhomo ayenera kunenedwa mosabisa. Fangasi akakhazikika, kuyabwa kukapitirira masiku awiri kapena atatu mayi ataleka zonse zopsereza, chomwe chimachiza ndi mankhwala a fangasi. Odziwika kwambiri ndi clotrimazole, piritsi loika m'njira ya abambo pogona kapena kirimu wopaka, ndipo mankhwala a mtundu umenewu amachiza amayi 8 kapena 9 mwa 10 alionse. Nawonso ndi oika, inde, koma mlingo wake unayezedwa. Kwa mayi woyembekezera oikawa ndiwo oyenera. Piritsi lakumwa la fluconazole amalipewa pa nthawi ya pakati. Apa wowerenga wa ku Lobi kapena ku Mayani anganene kuti ulendo wa kuchipatala ndi ndalama ya kabaza ndi tsiku lathunthu losiya dimba, kuti nthawi zina umafika mankhwala atatha, kuti woyeza amakhala mwamuna wa msinkhu wa mwana wako, ndiponso kuti m'zipatala zing'onozing'ono sayeza chikazi pamakina, amangomva zizindikiro n'kupereka mankhwala a matenda angapo nthawi imodzi. Zonsezi n'zoona, ndipo ndi ngongole yomwe boma lili nayo kwa amayi. Koma kuperewera kwa chipatala sikusandutsa mandimu kukhala mankhwala. Namwino amaona ndi maso zomwe mayi sangadzione, amayeza shuga ndi HIV, ndipo mankhwala akasowa amalemba dzina lolondola loti akagule kufamase. Mayi ali ndi ufulu wopempha kuti amuone wamkazi mnzake, kapena kuti pakhale mayi wina m'chipindamo. Ndipo ulendo wa kusikelo ya mwana, ya pakati kapena yakulera ungathe kusenza nkhani ziwiri.

Pali zizindikiro zomwe siziyenera kugonekedwa ndi nsalu yozizira: chikazi chonunkha kapena chosakanikira magazi, kupweteka m'chinena, kutentha thupi, zilonda, kutaya magazi pogonana, ndi kuyabwa kwa mayi yemwe anasiya kale kusamba. Malawi ali m'gulu la mayiko omwe khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi ambiri padziko lonse. Chiwerengero cha mu 2020 chinali amayi oposa 4,000 opezeka nayo ndi pafupifupi 2,900 omwalira m'chaka chimodzi. Khansa imeneyi imatha kuyamba ngati chikazi chosatha, ndipo miyezi yomwe mayi amataya akuika zitsamba ndi yomwe ikanamupulumutsa. Kuyeza kwake m'zipatala za boma n'kwaulere, ndipo ndi malo okhawo pomwe viniga ali ndi ntchito: namwino amapaka wosungunula pakhomo la chiberekero kwa mphindi imodzi kuti aone ngati pasintha mtundu. Dedza ilinso ndi mbali ya kunyanja. Mayi wa kumapiri yemwe anakulira kapena amakachita geni ku Golomoti ndi ku Mtakataka, n'kumasamba kapena kuchapa m'madzi odikha, atchule zimenezi kuchipatala, pakuti likodzo limaikira mazira m'ziwalo zoberekera n'kumayabwitsa ndi kutulutsa chikazi ngati mauka, ndipo mankhwala ake ndi ena, a praziquantel.

Uthenga umenewu sungayende ndi anamwino okha. M'mapanga a Chongoni, omwe bungwe la UNESCO linawaika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, muli zojambula zoyera zomwe amayi a mtundu wa Achewa ankaphunzitsira anamwali. Ndiye kuti m'mapiri ano sukulu ya thupi la mkazi ndi yakale kuposa chipatala chilichonse, ndipo aphunzitsi ake, anamkungwi ndi alangizi a m'mipingo, alipo mpaka lero. Mtsikana amamvera iwo kuposa chikwangwani cha pachipatala. Iwo akanena kuti mkati simulowa chala, sopo kapena lezala, ndipo kuti chikazi choyera si uve, mawuwo adzafika komwe mlangizi wa zaumoyo safika. M'manja mwawo mulinso nkhani ya chovala chija chokolekedwa kuseri kwa chitseko. Umboni woti nayiloni ndi zothina zimayambitsa Candida si wamphamvu ngati wa makapisozi kapena shuga, koma madokotala amalangizabe za thonje ndi zomasuka chifukwa khungu lodwala limapola msanga likamapuma, ndipo kuyesa sikulira ndalama zambiri. Mayi avule sikinitaiti akaweruka kudimba, agone wopanda chamkati, ndipo masiku a nkhungu adutsitse simbi yamakala pa chovalacho asanavale. Mwambo wobisa chovala chamkati sukufunika kuthyoledwa kuti chiume. Mabafa ambiri a kumudzi ndi mpanda wa udzu wopanda denga, momwe dzuwa la masana limalowa koma maso a odutsa salowa, ndipo kachingwe komangidwa m'munsi mwa mpandawo n'kokwanira.